Apampando apangira kampeni pa madesiki a dona, lipoti ndilembe bwanji?

Nabanda:
Anzanga a ma akaunti, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Bungwe lathu linalandira thandizo kuchokera ku foundation ina ya ku America kuti tigule madesiki 240 a sukulu zitatu za pulayimale. Lachisanu tinakapereka ku sukulu yoyamba. Apampando a bodi yathu, amene akupikisana nawo pa chisankho chapadera m'dera lomwelo, anangotulukira ndi amayi ovala nsalu za chipani, nyimbo ili pakamwa. Atapatsidwa maikolofoni anati madesikiwo ndi chiyambi chabe, anthu akawavotera adzaona zambiri. Chithunzi chili kale pa Facebook: akugwirana chanza ndi ahedi, nsalu ya chipani itayalidwa pa desiki lomwe tinadindapo dzina la dona. Ndiye lole yathu itatsitsa katundu inakatula amayi aja kwawo, makilomita 76 kupita ndi kubwera, malita 15 a dizilo wa pulojekiti. Dalaivala analemba zonse mu logibuku, mpaka mawu oti "kutula amayi". Adayilekita akuti ndingophatikiza mafutawo ndi ulendo wa madesiki, nkhani ithe. Lipoti la kotala likufunika pa 15.

aMbewe:
Asisi, malita 15 okha mpaka kusowa tulo? Madesiki anafika, ana akhalapo. Dona ali ku America, adzaona liti chithunzi cha pa Facebook cha kumudzi? Ine ndikanamvera bwana. Ntchito ikusowa masiku ano.

Tamanda:
AMbewe, musawaponye m'dzenje anzathu. Anabanda, tsegulani mgwirizano umene munasainirana ndi dona, muyang'ane cha kumapeto. Foundation ya ku America ikapereka ndalama ku bungwe lakunja ngati athuwa, kawirikawiri imagwiritsa ntchito njira yotchedwa expenditure responsibility, ndipo mumasainira kuti ndalamazo simudzazigwiritsa ntchito pofuna kukhudza zotsatira za chisankho chilichonse. Si nkhanza za dona ayi, nayenso wamangidwa. Kuyambira 1954, pamene Lyndon Johnson ali senator anakankhira kusintha kwa lamulo la misonkho, bungwe lachifundo lolembetsedwa pansi pa 501(c)(3) siliyenera kuthandiza kapena kutsutsa munthu wopikisana pa chisankho. Kulimbikitsa malamulo ena mabungwe ena amaloledwako pang'ono, koma za kandideti palibe "pang'ono". Ndipo IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, siona malire a dziko: phungu wa kuno kapena senator wa kwawo, n'chimodzimodzi.

Nabanda:
Ndaupeza, ndime yake ilipodi. Ndinasainanso ndine ngati mboni. Mayo ine.

Chisale:
Poti aMbewe akuti madesiki anafika, ndikufotokozereni ya Donald J. Trump Foundation, chifukwa mfundo imeneyi inayesedwapo kale m'khoti. Pa 28 Januwale 2016, kutatsala masiku anayi kuti a chipani cha Republican m'chigawo cha Iowa asankhe wowaimira pa chisankho cha pulezidenti, Trump anakana kupita ku mtsutso wa pa Fox News, m'malo mwake anachititsa msonkhano ku Des Moines wosonkhetsa ndalama zothandizira asilikali akale. Madola pafupifupi 2.8 miliyoni analowa mu foundation yake. Vuto linali loti amene ankanena kuti ndalama zipite kuti, tsiku liti, anali a kampeni, kuphatikizapo mkulu wawo Corey Lewandowski. Macheke akuluakulu aja ojambulitsira zithunzi ankaperekedwa pa misonkhano ya kampeni.

Mu June 2018 loya wamkulu wa boma la New York, Barbara Underwood, anasumira foundation ija, Trump ndi ana ake atatu. Pofika Disembala chaka chomwecho anagwirizana zoti foundation itsekedwe. Mu Novembala 2019 woweruza Saliann Scarpulla analamula Trump kuti alipire madola 2 miliyoni, omwe anagawidwa ku mabungwe achifundo asanu ndi atatu. Tsono mvetsani apa: woweruzayo anavomereza kuti ndalama za ku Iowa zinafikadi kwa mabungwe a asilikali akale. Kufikako sikunafafanize mlandu. Cholakwa chinali kulola kampeni kukwera pamsana pa bungwe lachifundo.

aMbewe:
Koma achimwene, imene ija inali ndale. Mwiniwake ananena kuti akumuzunza a chipani china. Komanso ife tikukamba za dizilo, inu mukutiuza za mamiliyoni.

Chisale:
Ananenadi, ndipo n'zoona kuti omusumirawo anali a Democrat. Koma m'mapepala othetsera mlanduwo iye yemwe anavomereza zimene zinachitika ku Iowa. Za kuchepa kwa ndalama, pali ina ya 2013. Foundation yomweyo inapereka madola 25,000 ku gulu landale lotchedwa And Justice for All, lothandiza Pam Bondi, amene nthawi imeneyo anali loya wamkulu wa boma la Florida. Pa fomu yopita ku IRS zinalembedwa ngati ndalamazo zapita ku bungwe lina la ku Kansas la dzina lofanana nalo. A foundation anati kunali kulakwitsa kwa olemba. Zitaululika mu 2016, Trump anabweza madola 25,000 kuchokera m'thumba mwake n'kulipira IRS madola 2,500 ngati chilango. Chimene atolankhani anachikakamira si cheke chija chokha, komanso mzere wolakwika uja wa pa fomu. Mzere woterewo ndi umene adayilekita akufuna Anabanda alembe ndi dzanja lawo.

Mai Gondwe:
Ine ndine odita, ndiye ndiyankhule monga mmene ndingabwerere ku ofesi kwanu. Ndimatenga logibuku, ndimaika pambali pa vawucha ya mafuta, ndimawerenga makilomita. Dalaivala wanu analemba zoona. Inu mukalemba zina, pa tebulo panga padzakhala mapepala awiri otsutsana, limodzi lili ndi siginecha yanu. Apampando sadzakhalapo tsiku limenelo, adayilekita adzati sakukumbukira.

Chitani chonchi mwana wanga. Malita 15 aja muwachotse pa pulojekiti, muwalembe ngati ngongole ya apampando. Muwalembere invoisi, alipire ku banki osati pamanja, risiti muisunge pamodzi ndi fotokope ya tsamba la logibuku. Musaiwale alawansi ya dalaivala ngati anapitirira maola, ndi kubwereka kwa lole komwe, pa mtengo umene mumawerengera galimoto zanu pa kilomita. Kenako kalata yaifupi kwa dona, lipoti lisanapite. Zimene zinachitika, tsiku, ndalama zake, zimene mwachita. Osakometsera, osaliranso.

Tamanda:
Ndiwonjezere: dizilo ndi mbali yophweka. Yovuta ndi maikolofoni. Kunonso polembetsa bungwe timalonjeza pansi pa lamulo la ma NGO kuti sitidzalowerera ndale za zipani, ndipo a NGORA, bungwe loyang'anira ma NGO, akhoza kukufunsani. Lamulo la zipani la 2018 limaletsanso kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, mbali imeneyo aone loya wanu. Bodi ikumane popanda apampando, zilembedwe m'maminitsi, iwo atule pansi udindo kapena aime kaye mpaka chisankho chidutse.

aMbewe:
Nanga dona akaimitsa thandizo lonse chifukwa cha kalata yanuyo? Ana a sukulu ziwiri zotsalazo azikhalabe pansi chifukwa tafuna kuoneka oyera? Ku America komweko a Zuckerberg, mkulu wa Facebook, ndi akazi awo anapereka madola pafupifupi 350 miliyoni ku Center for Tech and Civic Life mu 2020 zothandizira maofesi oyendetsa chisankho, a FEC, bungwe loyang'anira ndalama za kampeni kumeneko, anataya madandaulo onse, komabe zigawo zoposa 20 zinakhazikitsa malamulo oletsa ndalama zotere. Ukakhudzidwa ndi ndale, kaya ulibe mlandu, fungo limatsala.

Mai Gondwe:
Pamenepo mwanena zoona aMbewe, ndipo akhozadi kuimitsa kwa kanthawi, ndinazionapo. Koma chithunzi chili kale panja, ndipo opikisana ndi apampando anu ali ndi mafoni. Dona adzamva ndithu. Chatsala n'choti amve kwa Anabanda kapena kwa mdani.

Nabanda:
Ndabwera ndi zotsatira. Adayilekita ndinangowaonetsa ndime ija ndi tsamba la logibuku, anakhala chete kanthawi n'kunena kuti ndilembe kalatayo asaina okha. Apampando anakalipa pa foni, akuti bungweli analiyambitsa ndi ndalama zawo, koma dzulo masana ndalama zalowa, atumiza mwana wawo ndi silipi ya ku banki. Bodi ikumana Loweruka. Madesiki 160 otsalawo tawatsekera m'nyumba yosungira katundu, tidzapereka chisankho chikadutsa, ndipo adzalandira ndi ahedi ndi komiti ya sukulu basi, popanda zokuzira mawu. Mai Gondwe, ngongole ya lole ija ndiwerengere makilomita 76 okha kapena ndi maola awiri amene inadikira amayi akuvina?

Mai Gondwe:
Makilomita okha. Maolawo alowe mu alawansi ya dalaivala. Nditumizireni kalatayo ku inbox ndiione isanapite.