CHM ya ku Lichenya ikuti nkhalango yakula, thandizani

Nachisale:
Anzanga, ntchito yandiyimira. Ndili ndi ma point cloud (timadontho ta muyeso wa LiDAR, laser yoyeza kutalika kwa nthaka ndi zomera) awiri a m'malire a nkhalango ndi udzu ku Lichenya, pa phiri la Mulanje, woyamba wa Okutobala 2022, wachiwiri wa Epulo 2024. Ndikachotsera ma CHM (mapu a kutalika kwa mitengo) a zaka ziwirizi zikuonetsa kuti nkhalango yalowerera mu udzu, pomwe tonse tikudziwa kuti moto umadya malire amenewa chaka ndi chaka. Mu pulogalamu ya lidR ndayesa CSF, ndayesa PMF, njira zosiyanitsira nthaka ndi zomera, chimodzimodzi. Lipoti likufunika Lolemba.

Bambo Phiri:
Datum, achemwali, maziko oyezera malo pa mapu. Wina waika Arc 1950, wina WGS84. Yambani pamenepo.

Nachisale:
Zonse ndi WGS84, UTM 36S, bambo. Ndaona kale.

Achimwene a ku Likhubula:
Miyezi yanuyo ndiyo ikundikayikitsa. Okutobala phiri limakhala litapsa, laser imafika pansi bwinobwino. Epulo udzu ndi zitsamba zimakhala zitathithikana, ma return (laser yobwerera) apansi amachepa, ndiye mukuyerekeza nyengo ziwiri, osati zaka ziwiri. Kwezani threshold, chilichonse chosafika mamita awiri musachitche mtengo. Ife ku Chambe chiperoni chinatitsekera m'hati, droni osauluka, mabatire kuthera kuzizira. Tsiku lomwe tinauluka nkhungu inadzaza noise pamwamba pa mitengo, kuyeretsa kwake kunatenga nthawi kuposa ulendowo.

Bambo Phiri:
Zolembedwa pa fayilo si umboni. Ma control point, malo odziwika oyezerapo, anachokera kuti? Ngati ndi pa mapu akale a Survey, ndi Arc 1950.

Mayi Gondwe:
Ikanakhala datum, a Phiri, kusiyana kukanakhala mamita mazana, sakanafunsa n'komwe. Nachisale, chenjerani ndi kugwiritsa ntchito DTM (mapu a nthaka yopanda zomera) imodzi pa zaka zonse ziwiri. Pakati pakepo panadutsa namondwe Freddy mu Malichi 2023, nthaka inagumuka m'malo ambiri otsetsereka. Yesani kaye pa thanthwe losamera kanthu. Likaoneka kuti lakwera, vuto ndi alignment, ma point cloud awiriwo sanagwirizane malo. Ndipo ngakhale malire atasunthadi, musafulumire kulemba kuti nkhalango yachilengedwe ikubwerera. LiDAR siisiyanitsa mkungudza ndi paini, ndipo paini wa Pinus patula amamera msanga pamalo opsa. Popanda munthu kukaponda pamenepo, ine sindingasaine.

Achimwene a ku Likhubula:
Zoona mayi. Wokwera Loweruka alipo? GPS ndili nayo, koma wonyamula katundu mulipira nokha.

Bambo Phiri:
Kwerani, koma mukayeze control point imodzi yokha mundiuze.