Thandizeni pa nkhani ya leopard gecko, ndigule chani? Ndili ku Salima

Membala wobisa dzina
Mwaswera bwanji nonse. Admin chonde dzina langa lisaoneke chifukwa alamu anga ali pa gulu pompano, ikangofika kwa apongozi ndiye kwatha. Nkhani ili apa, bwana amene ndimawagwirira ntchito ku Senga Bay abwerera kwawo ndiye atisiyira leopard gecko, mtundu wa abuluzi oweta, akuti poti mwana wanga amazikonda akabwera kudzandiona ku ntchito. Bokosi lake lagalasi linasweka pa kabaza tikusamutsa, wakabazayo ndinamuuza bwinobwino kuti ayende pang'onopang'ono koma iye kuthamanga basi, pofika kunyumba ndalama yake analandiranso yonse osachita nazo manyazi. Abambo akunyumba akuti izi nzopusa bola akanatisiyira nkhuku kapena firiji, alandilodi nawo akweza lendi pomwe denga la kuchipinda likudontha kuyambira dzinja lija, ndipo kalipentala sindimufunanso chifukwa wina anandidyera ndalama ya shelefu mpaka lero amandithawa pa msika. Ine mutu sukugwira, mwana akulira kuti tifa nazo. Ndiye ndikufunsa, ndigule chani kuti ndikonze malo abwino? Mchenga wa kunyanja ndingaike pansi? Babu ndi lofunikadi poti magetsi ake ndi awa ongobwera usiku? Nanga chakudya? Chonde onyoza asayankhe, BP yanga ndi yokwera kale.

Mfana wa pa Kamuzu Road
Kkkkk Malawi watukuka eti. Anzathu akuweta nalimata ife tikumuthamangitsa ndi tsache. Asisi bwerani kwathu mudzatenge aulere, pa khoma alipo gulu.

Big Phiri Chipoka
MVERANI INE. Ndaweta nkhunda, mbira, akalulu, abakha mpaka fulu ndinamusungapo, palibe nyama yomwe ingandivute. Buluzi ndi buluzi basi. Tengani beseni lalikulu, thirani mchenga wa kunyanja wabwino uja wa ku Senga Bay mwakhala nawo pafupiwo, ikani mwala pakati, babu la 100 pamwamba, mwamaliza. Osamvera ana a pa intaneti akuwonongetsani ndalama. Nyama ya m'chipululu imafuna mchenga ndi dzuwa, nkhani yatha.

Mayi Nabanda
Ine ndingofunsa, mzungu wasiya galimoto wasiya mipando, iweyo nkukusankhira buluzi? Mwana wanga pemphera kaye. Zinthu zina sitimangolandira, mawa uzidzati bizinesi sikuyenda.

Tiya wa ku Bunda
Asisi musanagule kanthu tiuzeni kaye, ndi imodzi kapena zingapo? Ndi yaikulu bwanji, nanga panopa ili mu chani? Mayankho onse akudalira pamenepo. Yaikulu imafika masentimita 20 mpaka 25 kuphatikiza mchira ndipo imadya kawiri kapena katatu pa sabata, pomwe yaing'ono imafuna kudya tsiku lililonse.
A Phiri pepani koma mchenga ayi. Kwawo kwa nyamayi ndi ku Pakistan, Afghanistan, Iran ndi mbali ina ya India, malo ake ndi a miyala ndi dothi louma lolimba, si milu ya mchenga. Ikamagwira chakudya imameza ndi mchenga womwe, ukaunjikana m'matumbo imasiya kuchita chimbudzi mpaka kufa. Yalani matailosi osaterera kapena mapepala oyera a kukhitchini aja, zosavuta kutsuka.

Big Phiri Chipoka
Iwe Tiya unabadwa liti? Gulo amene ali pa mtengo panja pako amamuyalira matailosi ndani? Sukulu ikukupusitsani ana inu. Ine fulu wanga anakhala pa mchenga mpaka anaba anyamata, sanadwalepo ngakhale tsiku limodzi.

Tiya wa ku Bunda
Fulu ndi gecko nzosiyana madala. Ndipo babu la 100 mu beseni, ku Salima, mwezi wa October uno? Mukufuna awotche kanyenya?

Che Yusufu Magalasi
Ine ndimadula magalasi a mawindo ndipo ndinapangirapo anthu mabokosi a nsomba. Palibe chifukwa chopitira ku Lilongwe kukagula lopangapanga, galasi la mamilimita 5 kapena 6 ndi silikoni basi latheka. Mungondiuza muyeso. Koma silikoni akhale wa mabokosi a nsomba, osati wa kubafa uja amaikamo mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mulisiye panja pa mthunzi mpaka fungo la viniga lija litatheratu. Pamwamba timaika sefa ya waya wa udzudzu pa felemu kuti mpweya uzilowa. Ndilembereni ku inbox.

Mfana wa pa Kamuzu Road
Che Yusufu aona kale msika kkkk. Mawa timva "magalasi a abuluzi alipo, bwerani nonse"

Nachisale KK
Nkhani ya alandilodiyo ndiye yandikhudza. Ife kuno ku Nkhotakota wathu anakweza kawiri chaka chimodzi, titadandaula akuti tulukani ena akudikira. Denga mukonze nokha mudule pa lendi, bola mboni ikhalepo ndi malisiti. Za buluzizo sindidziwa, koma samalani ndi mankhwala a udzudzu. Kuno amabwera opopera m'makoma aja, akangodutsa mphemvu ndi analimata umangowatola pansi. Ndiye Doom ndi koyilo zisayandikire chipinda chomwe muikemo chinthu chanucho.

Big Phiri Chipoka
APA NDIYE NDIKUGWIRIZANA NAZO. Ine koyilo anandiphera maunda awiri a nkhunda usiku umodzi, mwana anaika pafupi ndi khola akuti akuzithandiza udzudzu. Koma za mchenga sindisintha.

Tiya wa ku Bunda
Che Yusufu muyeso wabwino kwa yaikulu imodzi ndi masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi, 45 kupita m'mwamba. Chofunika ndi pansi potakasuka, kutalika m'mwamba si kwenikweni chifukwa iyi siikwera galasi, zala zake zili ndi tizikhadabo, zilibe zomatira zija za nalimata wa pa khoma. Chivundikiro ndi choteteza ku mphaka ndi makoswe.
Mkatimo mbali imodzi ikhale yofunda, pansi pake madigiri 30 mpaka 32, mbali inayo yozizirirapo cha m'ma 24 mpaka 26, iyo izisankha yokha kokhala. Nchifukwa chake bokosi lalifupi silithandiza, lonse limangotentha mofanana. Chinthu choyamba kugula ndi thermometer, osati babu. Kunyanja kuno miyezi ino m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumapitirira 32 popanda chotenthetsera chilichonse, ndiye vuto lanu panopa ndi kutentha kwambiri. Ikani bokosi chipinda chozizira, pansi pafupi ndi simenti, kutali ndi windo. Dzuwa likawomba pa galasi mkati mumasanduka uvuni. Chotenthetsera chidzafunika June ndi July mwera ukamawomba, kamphasa kamagetsi koika pansi pa mbali imodzi, ndipo kazikhala ndi thermostat, kachipangizo kozimitsa kutentha kukapitirira muyeso, apo ayi kamawotcha mimba. Zimenezo ndiye mufunse m'mashopu a ziweto ku Lilongwe kapena mutume wobwera kuchokera ku Joni, nthawi ilipo.

Aunt Rose
Anthu akugona ndi njala ena akusaka thermostat ya buluzi. Dziko ili.

Jay Lifuwu
Aunt Rose ndalama ndi zawo, inu data yomwe mwalembera apayi bwanji simunagulire osauka ufa?

Aunt Rose
Iwe usandiyankhe ngati ndine mnzako. Ndili ndi ana akulu kuposa iwe.

Big Phiri Chipoka
Chakudya musavutike. Nsima yotsala, usipa wosinja, bonya, nthochi pang'ono. Chilichonse cha m'nyumba mwa Mmalawi chimazolowera nsima, ngakhale galu wa mzungu amayamba kukana kenako amadya.

Mlimi Wamakono
A Phiri apa ndiye mwaphonya. Chimenechi chimadya tizilombo tamoyo basi, chikaona chikuyenda ndi pomwe chimagwira. Nsima ndi zipatso sichigaya. Nkhululu, ziwala zing'onozing'ono, mphemvu zoweta, ngumbi nthawi yake ikafika koma pang'ono poti nzamafuta. Ine ndimaweta mphutsi za ntchentche zakuda zotchedwa black soldier fly zodyetsa nkhuku zanga, zimenezonso amadyetsera abuluzi oweta ndipo zili ndi calcium wambiri. Kuweta kwake nkosavuta, madeya ndi zotsala za kukhitchini, ndipo anthu mukanadziwa mmene fidi wakwerera mukanayamba kale, ine nkhuku zanga za mikolongwe panopa sindigulanso soya wambiri, amene akufuna maphunziro ndimachititsa Loweruka lililonse.

Tiya wa ku Bunda
Mlimi wanena zoona kupatula malondawo. Kuwonjezera apo, kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Ziwala za m'munda mopoperedwa mankhwala ayi, mnunkhadala ayi, ndipo ziphaniphani ndi poizoni kwa abuluzi, mwana asayerekeze kugwirira. Mphemvu za kuchimbudzi nazonso ayi. Bola kuweta nkhululu mu ndowa yoboola pa chivundikiro, muikemo mathireyi a mazira, gaga ndi tizidutswa ta karoti kapena masamba. Musanapereke muziwaza ufa wa calcium, wina wokhala ndi vitamini D3. Ikasowa zimenezi mafupa amafewa, miyendo imapindika, chibwano chimalephera kugwira chakudya, ndipo zikafika apo sizibwereranso mwakale.

Big Phiri Chipoka
Calcium ndi zikhokhombe za mazira, kazingani sinjani basi. Mpaka ku shopu? Tiya iwe uli ndi share ku ma shopu a ku Lilongwe eti?

Tiya wa ku Bunda
Zikhokhombe zowiritsa nkusinja kwambiri zingagwirizire pomwe akusaka, pamenepo sindikutsutsani. Koma mulibe D3.

Big Phiri Chipoka
MWAONA. Wavomera yekha.

Bambo a Chiso
Palibe amene watchula linthumbu. Ine zinandipha akalulu ana asanu ndi mmodzi usiku umodzi mvula yoyamba, ndinadzuka ndi kulira kwa make, pofika ndi tochi kunali kutada bii. Chinthu chotsekeredwa m'bokosi chilibe kothawira. Ngati muika pa tebulo miyendo ikhale mu zitini za madzi, ndipo nkhululu zakufa musamazisiye mkati zimaitana nyerere. Mkazi wanga mpaka lero amati ndine ndinachedwa kudzuka.

Mayi Nabanda
Ine ndanena kale. Chinthu chokhala ndi zikope, chophethira ngati munthu, ndinachiona pa foni ya mdzukulu wanga. Nalimata wathu saphethira.

Jay Lifuwu
Mayi zikope ndi chilengedwe chake, mtundu umenewu uli nazo. Nkhuku nayo imaphethira koma mumadya.

Che Yusufu Magalasi
Mobisalamo musagule, zibade za mphika wadothi kapena chikho cha kokonati zimagwira ntchito, mungopala m'mphepete zisacheke.

Tiya wa ku Bunda
Eya, zikhale zitatu. China ku mbali yofunda, china kozizira, chachitatu chonyowa. Chonyowacho tengani kontena ya majarini, boolani khomo m'mbali, muikemo pepala kapena kansalu konyowetsa. Imalowamo ikamafundula. Khungu likakanirira ku zala limamanga mpaka chala kuduka, ndiye muziyang'ana zala ikatha kufundula. Khungu lakalelo imadya yokha musadabwe mukapanda kuliona. Kambale ka madzi kosazama kazikhalamo nthawi zonse. Masana imagona, imatuluka kukamada, ndiye musamaidzutse kuti mwina yadwala. Mwana asaigwire mchira, umaduka, ndipo mumchiramo ndi momwe imasunga mafuta. Akatha kuigwira asambe m'manja ndi sopo. Komanso dziwani kuti izi zimakhala zaka 15 mpaka 20 zikasamalidwa, mwana wanuyo adzapita ku koleji chikadali chanu.
Asisi funso langa lija simunayankhebe. Ndi zingati?

Mfana wa pa Kamuzu Road
Zaka 20?? Maukwati ambiri pa gulu lino safika pamenepo kkkkk

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse ndawerenga. Aunt Rose ine sindinapemphe ufa kwa inu. A Nachisale zodula pa lendi ndinayesapo alandilodi anabwera ndi mkazi wawo kudzalalata pakhomo anthu akuonerera. Mayi Nabanda ine ndimapemphera, ndine wa kwaya. Abambo akunyumba aona ndemanga ya zaka 20 ija ndiye akwiyiratu akuti azisankha pakati pa iwo ndi abuluzi. Che Yusufu ndakulemberani simukuyankha. Panopa ndaziika kaye mu ndowa ya chivundikiro pakhonde, koma inayo mchira wachoka dzulo ndipo siikudya, kaya ndi kutentha kaya.

Tiya wa ku Bunda
INAYO? Ndiye kuti zilipo ziwiri mu ndowa imodzi? Pakhonde?? Asisi zichotseni pompano mulowetse m'nyumba, chilichonse mu kontena yakeyake yoboola mpweya, pansi pepala loyera. Ngati zonse zili zamphongo zimamenyana mpaka kuphana, mchirawo mwina wachokera pomwepo. Bwana wanu ankazisunga limodzi kapena bokosi linali logawa pakati? Yang'anani kunsi pomwe payambira mchira, yamphongo imakhala ndi timatupi tiwiri totupa ndi mzere wa timabowo wooneka ngati V. Yoduka mchirayo isakhudze dothi kapena mchenga mpaka bala litauma, likayamba kutupa kapena kununkha pitani nayo kwa dokotala wa ziweto. Che Yusufu mabokosi akhala awiri.

Big Phiri Chipoka
Mchira umamera wina, musawaopseze mayiwa. Pakani phulusa pa balapo. Ndipo ziwiri ndiye bwino zidzaswana muyambe kugulitsa, ine ndidzagula yoyamba. Nkhunda zanga ndinayamba ndi ziwiri zomwezo.

Tiya wa ku Bunda
Phulusa AYI. Madala chonde.

Che Yusufu Magalasi
Foni inathima asisi, ndayankha tsopano. Awiri ndikuchotserani pang'ono, koma kunyamula mupeze galimoto osati kabaza.

Big Phiri Chipoka
Kabaza alibe vuto, vuto ndi kamangidwe. Ine ndinanyamulapo mathireyi a mazira pa njinga kuchoka ku Chipoka mpaka pa boma osasweka ndi limodzi lomwe. Mundiimbire ndidzamange ndekha, ndibweretsanso mchenga.