Zija za chigawo cha Higgins: nayi mbiri yake

Paja ndinafunsa chifukwa chake dzina la Higgins, chigawo chosankha phungu wa nyumba ya malamulo, silinaoneke pa zotsatira za chisankho cha Australia cha 2025. Yankho lapezeka: chigawocho chinathetsedwa. Chiwerengero cha anthu chitaunikidwanso, dera la Victoria linatsala ndi mipando ya aphungu 38 m'malo mwa 39, ndipo mpeni unagwera Higgins, kumadera a anthu opeza bwino a mumzinda wa Melbourne monga Toorak ndi Malvern.

Koma mbiri yake ndiye yandigwira mtima. Chigawochi chinakhazikitsidwa mu 1949, ndipo chinatulutsa nduna zazikulu ziwiri. Woyamba anali Harold Holt, amene anasowa akusambira pa Cheviot Beach pa 17 Disembala 1967. Mtembo wake sunapezeke mpaka lero. John Gorton, yemwe anali seneta (membala wa nyumba ina ya malamulo, ya Senate), anasankhidwa kutsogolera dziko, nkudzapikisana pampando wa Holt womwewo mu 1968. Peter Costello, nduna ya zachuma kuyambira 1996 mpaka 2007, analinso phungu wa kuno.

Chipani cha Liberal chinkapambana kuno nthawi zonse mpaka 2022, pamene Michelle Ananda-Rajah wa Labor anagonjetsa Katie Allen wa Liberal. Mayi Ananda-Rajah sanaumve kukoma mpandowo: anangokhalapo teremu imodzi, chigawocho nkuchotsedwa pamapu.