Laputopu ya mwana amene akukayamba uinjiniya: i7 yakale, i5 ya SSD, kapena yatsopano?

MayiWaAtatu

Abale, ndithandizeni nzeru, paja safunsa anadya phula. Mwana wanga woyamba, mtsikana, wasankhidwa kukaphunzira uinjiniya wa zomangamanga ku koleji. M'kalata yomuitana alembamo kuti aliyense abwere ndi laputopu yake, koma sanatchule kuti ikhale yotani. Ndalama zomwe ndakhala ndikusunga zikukwanira imodzi mwa zitatu izi, ndipo ndakopera monga momwe ogulitsa alembera.

Yoyamba ndi yatsopano, ikadali m'katoni, ili ndi waranti ya chaka chimodzi: Intel Celeron N4020, RAM 4GB, malo osungira 64GB eMMC, sikirini mainchesi 15.6.

Yachiwiri ndi yogwiritsidwapo kale ntchito: Core i7-3520M, RAM 8GB, hard disk 1TB. Wogulitsa akundikakamiza imeneyi, akuti i7 ndiye yamphamvu kuposa zonse ndipo 1TB mwana sangaidzaze mpaka kumaliza sukulu.

Yachitatu ndi yogwiritsidwapo kalenso: Lenovo ThinkPad T480, Core i5-8250U, RAM 8GB, SSD 256GB. Pakona imodzi ndi yokandika pang'ono.

Ine mtima uli pa yatsopanoyo chifukwa cha waranti. Bambo ake ali pa i7. Mwiniwakeyo akulakalaka MacBook Air ngati ya mnzake, koma pamenepo sindingafike pokhapokha nditakongola. Nkhawa yanga ndi yakuti kumbuyo kwake kuli azing'ono ake awiri amene akufunanso sukulu, ndiye yomwe ndigule pano iyenera kumufikitsa kumapeto kwa maphunziro. Kugula kachiwiri sindidzakwanitsa.

MkonziWaMakompyuta

Mayi, choyamba zikomo kuti mwalemba manambala onse. Ambiri amangoti "ndi i7", koma nkhani yonse imagona pa manambala a kutsogolo kwakewo.

Yang'anani nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Pa i7-3520M pali 3, kutanthauza m'badwo wachitatu wa ma processor amenewa (processor ndiye ubongo wa kompyuta), wa chaka cha 2012. Pa i5-8250U pali 8, m'badwo wa 8, womwe unatuluka mu 2017. I7 imeneyo ili ndi ma core (timagawo togwira ntchito m'kati mwa processor) awiri okha pomwe i5 iyi ili ndi anayi. Muwauze bambo kuti pamenepa i5 ikuiposa i7 kutali, ndipo imadya batire pang'ono. Mawu akuti i3, i5, i7 amathandiza kufananiza ma processor a m'badwo umodzi. Mibadwo ikasiyana zaka zisanu, mawuwo amasocheretsa.

Palinso china chachikulu. Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo m'kati mwa kompyuta), ndipo pa Intel mndandanda wake wovomerezeka umayambira makamaka pa m'badwo wa 8, pa AMD umayambira pa Ryzen 2000. T480 ikulowa bwinobwino. I7 ya 2012 siikulowa. Alipo amene amaikakamiza Windows 11 pa makina akale, ndipo wogulitsa akhoza kukuonetsani ikuyaka, koma palibe chitsimikizo choti idzapitiriza kulandira zokonza za chitetezo.

Za 1TB musatengeke nazo. Hard disk ili ndi kambale kozungulira m'kati, kawirikawiri maulendo 5400 pa mphindi, ndipo imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi. SSD, chosungira mafayilo chatsopano, ikakhala wamba imafika cha m'ma 500MB, ya mtundu wotchedwa NVMe imapitirira pamenepo kangapo. Kusiyanaku mwana adzakumva tsiku lililonse poyatsa makina ndi potsegula pulogalamu. Komanso laputopu ya wophunzira imakhalira m'chikwama, kugundidwa ndi kugwedezeka. Hard disk ikagwa ili yoyaka imatha kufa ndi mafayilo onse. SSD ilibe chozungulira, motero imapirira.

Yatsopanoyo ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi imene makolo ambiri amagula ndi mtima wabwino. Pa 64GB, Windows yokha imatenga gawo lalikulu, otsalawo amatha msanga. Pamakina ambiri a mtundu umenewu RAM (malo omwe mapulogalamu otsegulidwa amagwiriramo ntchito) ndi eMMC zimakhala zowotchereredwa pa bolodi, simungawonjezere. Waranti imakutetezani makina akawonongeka. Kuchedwa kwa makina si kuwonongeka, ndiye palibe amene adzakubwezereni ndalama chifukwa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, ikukanika kutseguka. Kwa mwana wongolemba ndi kuwerenga pa intaneti ikhoza kulimbako, koma kwa injiniya ayi.

Pa zitatuzi ine ndingatenge T480. Makina amenewa anapangidwira m'maofesi, ndi olimba, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Ili ndi malo awiri olowetsa RAM, ndiye mukhoza kuwonjezera 8GB ina ya DDR4 ikhale 16GB. Koma musanalipire chitani izi pamaso pa wogulitsayo. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, kenako tsegulani fayilo yomwe ituluke. Fananizani design capacity (mphamvu za batire lili latsopano) ndi full charge capacity (zomwe likusunga pano likadzaza), mudzaona mphamvu zomwe batire latsala nazo. Zimitsani makina, yatsaninso n'kulowa mu BIOS (tsamba la zokonzera makina lomwe mumalowamo Windows isanayake), muone ngati sikufunsa password. Ikafunsa ndipo wogulitsa sakuidziwa, isiyeni pomwepo ngakhale akuchotsereni mtengo. Dinani batani lililonse la kiyibodi, yesani mabowo onse a USB, kamera, Wi-Fi, ndipo tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mumve ngati mahinji sakulira.

Injiniya_Mawa

Zikomo amayi, ine ndili chaka chachitatu m'maphunziro omwewo, ndiye ndiyankhule za MacBook, poti ndikudziwa mmene mtima umafunira.

MacBook Air ndi makina abwino, ngakhale ya M1 ya 2020 ija. Ndi yopepuka ndipo batire lake limakhalitsa. Vuto ndi mapulogalamu athu. AutoCAD ilipo ya Mac, koma Revit ndi Civil 3D, zojambulira nyumba ndi misewu, ndi za Windows zokha, chimodzimodzi ArcGIS Pro yomwe timaigwiritsa ntchito pa za mapu. Mnzathu wina m'kalasi ali ndi Mac, ndipo asayimenti ya Revit ikabwera amakakhala kulabu ya kompyuta kudikira malo, kapena kubwereka kwa ife. Mnzake wa achemwaliwo mwina akuphunzira zina zomwe Mac imakwanira. Komanso RAM ya makina amenewo siiwonjezeka, yomwe mwagula ndi yomweyo. Musakongole chifukwa cha imeneyo.

Chaka choyamba 8GB imakwanira, chifukwa ambiri amakhala masamu, fizikisi, malipoti a mu Word ndi zojambula zosavuta. Kulemera kumayamba pamene mwafika pa mamodelo a 3D. Ndiye RAM yowonjezerayo mukhoza kudikira nayo chaka chimodzi, bola makinawo akhale olola kuwonjezera.

Mapulogalamu musalipire kwa wogulitsa aliyense amene akuti akuikirani. Autodesk, kampani yopanga AutoCAD, Revit ndi Civil 3D, imapereka mapulogalamu ake kwaulere kwa ophunzira, chaka chimodzi chimodzi, n'kumawonjezera malinga ngati ukadali pasukulu. Makoleji ambiri amaperekanso Microsoft 365 kudzera pa imelo ya sukulu, ndipo ngati kwawoko kulibe, LibreOffice, yogwira ntchito yofanana, ndi yaulere. Chomwe mungamugulire ndi mouse ya kagudumu pakati. Kujambula mu AutoCAD ndi touchpad kumapweteka dzanja ndipo kumachedwetsa.

Achemwaliwo alembere kudipatimenti yawo kapena afunse a chaka chachiwiri kuti mapulogalamu omwe amagwiritsa ntchito ndi ati. Sukulu zimasiyana.

BamboWaMapasa

Ine ndikugwirizana ndi amkonzi pa ziwiri zoyambazo, koma pa T480 ndili ndi kadandaulo. Makina amenewo ndi a 2018. Mwana akamadzamaliza adzakhala atapitirira zaka khumi. M'badwo wa 8 uli pamalire penipeni pa mndandanda wa Windows 11, ndipo za zithunzi imadalira Intel UHD 620 ya m'kati mwa processor, yomwe pa 3D yolemera imavutika. Mayi anena kuti sadzagulanso. Ngati ndi choncho, bwanji osadikira pang'ono, n'kuwonjezera ndalama, n'kupeza ya m'badwo wa 11 kapena 12, monga i5-1135G7 kapena i5-1235U, kapenanso Ryzen 5 5500U? Pa ma i5 awiriwa manambala awiri oyambawo, 11 ndi 12, ndiwo m'badwo.

Chomwe sindingalangize ndi malaputopu a magemu, ngakhale ana amawakonda. Ambiri amalemera makilogalamu oposa awiri, tchaja yake ndi yaikulu, ndipo batire silifika madzulo. Mtsikana woyenda nayo kuchokera m'kalasi ina kupita ina adzatopa nayo. Ya mainchesi 14, yolemera cha pa kilogalamu imodzi ndi theka, ndiyo yonyamulika.

MayiWaAtatu

Ndathokoza nonse, mwandimasula. Bambo ake ndawawerengera za m'badwo wa processor ndipo avomera. Mwananso wamva za Revit, wakhumudwako koma wamvetsa.

Bambo a mapasa, mfundo yanu ndaimva ndipo yandikhudza. Ndafunsa mitengo ya za m'badwo wa 11, kusiyana kwake ndi kwakukulu ndithu, ndipo sukulu ikutsegulidwa ndalamazo ndisanazipeze. Sindikufuna akayambe semesita yoyamba akubwereka kwa anzake amene sanawadziwe n'komwe.

Ndinabwereranso kwa wa T480 uja ndi mwana, tinachita zomwe amkonzi ananena. BIOS siinafunse password, mabatani onse akugwira, kamera ikuonetsa. Koma lipoti la batire laonetsa mabatire awiri. Onse design capacity ndi cha m'ma 24,000 mWh. Loyamba latsala ndi pafupifupi 19,000, lachiwiri pafupifupi 11,000. Kodi zimenezi ndi zoopsa? Chinanso, mwana waona kuti sikirini yalembedwa 1366 x 768, ndipo akuti zilembo zikuoneka zazikulu, tsamba silikukwana.

MkonziWaMakompyuta

Mabatire awiriwo ndi momwe T480 inapangidwira, lina lili m'kati, lina ndi lakunja. La 19,000 lili bwino. La 11,000 latha kupitirira theka. Ngati lofookalo ndi lakunja, vuto ndi laling'ono, chifukwa limachoka ndi timaloko tiwiri ta pansi popanda kumasula chilichonse, ndipo alipo ena akuluakulu a 48Wh ndi 72Wh olowa pamalo omwewo. Chotsani lakunjalo, tulutsaninso lipoti, mudziwa lomwe latsala m'kati. Muuzeni wogulitsa asinthe batirelo kapena achotse mtengo wake.

Sikirini ndiyo ndikuiona yofunika kuposa batire. T480 inatuluka ndi masikirini osiyana, ina ya 1366 x 768, ina ya 1920 x 1080 ya IPS. Pa AutoCAD mabatani a pulogalamu amadya malo ambiri, ndiye pa 768 malo ojambulira amatsala ochepa, ndipo mwana adzakhala maola ambiri akuyang'ana pamenepo. Funsani ngati ali ndi ina ya 1920 x 1080. Ogulitsa makina ochokera m'maofesi nthawi zambiri amakhala ndi angapo ofanana. Ngati alibe, yang'anani Dell Latitude 5490 kapena HP EliteBook 840 G5, ndi za nthawi yomweyo, koma onetsetsani nambala ya processor kuti ikuyamba ndi 8, chifukwa zina mwa izo zinatuluka ndi m'badwo wa 7.

Bambo a mapasa akunena zoona pa za 3D yolemera. Pamenepo mwana adzadalira labu ya sukulu, ndipo ngakhale ya m'badwo wa 11 yopanda graphics card yapadera ikanamutumizabe kulabu komweko nthawi zina.

Pemphani kuti akulembereni pa lisiti nambala ya makinawo ndi masiku omwe mungabwezere ikavuta. Mukafika nayo kunyumba, ikani Windows yatsopano kuti muchotse zonse za mwini wake wakale. Ndipo tsiku lomwelo mwana atsegule Google Drive, ili ndi 15GB yaulere, azisunga maasayimenti ake mmenemo kuyambira sabata yoyamba.