Ndi kampani iti ya mfuti imene imasamala kasitomala ikagulitsa?

Wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Munthu amene ali ndi laisensi yochokera ku polisi ndipo akufuna mfuti yoti ikhalitse, asankhe iti pakati pa gogodera ya kufakitale (mfuti yothira onga ndi chipolopolo kudzera kukamwa kwa paipi) ngati CVA kapena Traditions, ndi raifo ngati CZ, Ruger kapena Remington? Za kuwombera bwino sindikufunsa. Ndikufuna kudziwa kuti chitsulo chikathyoka, ndani amayankha kalata ndi kutumiza sipeya kwa munthu wokhala ku Kasungu kuno?

Bambo a Chisomo, Mtunthama:
Achimwene, yambani ndi kufufuza ngati kampaniyo ikadali m'manja mwa eni omwe anapanga mfutiyo, chifukwa waranti imatha kufa kampani ikagwa kapena ikasintha eni. Remington inagwa mu 2018, n'kugwanso mu 2020, katundu wake anagawidwa kwa ogula osiyanasiyana. Amene anatenga fakitale ya mfutizo ndi RemArms, ndipo sanasenze malonjezo onse a eni akale. Marlin, kampani ina ya mfuti imene inali pansi pa Remington, inapita kwa Ruger mu 2020 momwemo. Thompson/Center, yomwe gogodera zake zinatchuka, inagulidwa ndi Smith & Wesson mu 2007, kenako mu 2021 analengeza kuti akuisiya, masipeya n'kuyamba kusowa mpaka dzinalo litapeza mwini wina mu 2024.

Ruger ndi yosiyana. Sapereka waranti yolembedwa, koma mbiri yawo pakati pa alenje a ku America ndi yoti mfuti ikabwezedwa amakonza osavuta. CVA ndi Traditions amapangitsa gogodera zambiri ku Spain ndipo amayamikiridwa poyankha msanga. Koma dziwani kuti mayamiko onsewa akuchokera kwa anthu okhala ku America komweko, kumene kutumiza mfuti ku fakitale n'kosavuta. Kwa ife nkhani ndi ina.

Mayi Nabanda, Mchinji boma:
Pamene athera bambowa m'pamene pagona nkhani. Fakitale ya kunja siitumiza firing pin (kachitsulo komenya kumbuyo kwa chipolopolo), bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo mu mfuti) kapena breech plug (chotsekera kumbuyo kwa paipi ya gogodera) kwa munthu wamba pa positi. Kwawoko pamafunika chilolezo chotulutsira katunduyo, kuno pamafunika chilolezo cha polisi cholowetsera, ndipo njira yake imadzera kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka. Ndiye amene mukumuyeza kwenikweni si fakitale ayi, ndi sitolo imene mwagulako. Musanapereke ndalama mufunseni: kodi mtundu umenewu muli ndi mgwirizano ndi fakitale yake? Magazini, extractor (kachitsulo kokokera kunja khesi, chikhokhombe cha chipolopolo chowombedwa) ndi masipuling'i mumasunga? Mfuti ikavuta mumakonza nokha kapena imapita ku South Africa, ndipo mapepala a ulendowo amayendetsa ndani? Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, tulukani.

Pa chifukwa chimenechi ine ndimaona CZ ndi Brno zakale zili patsogolo kuno kum'mwera kwa Africa. Zilipo zambiri, amisiri a mfuti amazidziwa, ndipo raifo ya kaliba .22 ya mtundu wa CZ 452 kapena 457 ilibe zambiri zoti ziwonongeke. Gogodera ya kufakitale imafuna onga wake, timakapu toyatsira ndi zipolopolo zake, zomwe sizipezeka wamba. Kampani ikhale yaulemu chotani pa imelo, ngati zowombera zake simungazipeze mwalamulo, mwagula chokongoletsa khoma.

Ndipo poti tili pafupi ndi Mwami: musamutume munthu kukutengerani sipeya ku Chipata m'chikwama. Kachitsulo kakang'ono kopanda mapepala kangakulanditseni laisensi ndi mfuti yomwe.

Mmisiri wa ku Kamwendo:
Ndiwonjezeko za mbali yathu, chifukwa madandaulo ambiri amakanidwa kaamba ka mmene mwini anasungira mfuti. Palibe kampani imene imalipira dzimbiri. Onga wakuda ukapsa umasiya mwaye wokoka chinyezi, ndipo m'dzinja lathu, kuyambira Disembala mpaka Malichi, paipi yosatsukidwa imayamba kudyeka m'kati pasanathe masiku awiri. Gogodera imatsukidwa tsiku lomwe yawombedwa: chotsani breech plug, tsukani paipi ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pukutani mpaka kansalu katuluke kouma ndi koyera, kenako pakani mafuta ochepa. Pa mazinga a breech plug pakani girisi woletsa kugwirana. Mukaiwala zimenezi imamatirira, mumaikakamiza ndi sipanala yolakwika, mazinga amaphwanyika, ndipo fakitale ikaona zipsera za sipanalayo imadziwa kuti vuto si lawo.

Chachiwiri, onga wa m'zipolopolo za raifo musauike m'gogodera ngakhale pang'ono. Mphamvu yake ndi yoposa imene paipiyo inapangidwira, imatha kuphulika m'manja. Pa .22 yakale pewani kukoka trigger (chokokera powomba) mulibe chipolopolo, chifukwa firing pin imamenya m'mphepete mwa chemba (malo okhala chipolopolo) n'kupindapo chitsulo, kenako makhesi amayamba kukakamira.

Polemba dandaulo musangoti "mfuti yanga sikugwira". Lembani mtundu wake, kaliba, nambala ya mfuti, tsiku logula ndi risiti, zipolopolo zimene mumagwiritsa ntchito, ndipo jambulani pafupi malo owonongekawo. Ngati ikulephera kuwomba, jambulaninso kumbuyo kwa khesi kuti aone kuzama kwa pamene pini yamenya. Musaphwasule trigger kapena kupala chilichonse ndi fayilo musanayankhidwe.

Bambo a Chisomo, Mtunthama:
Nambala ya mfuti imathandizanso pogula yogwiritsidwapo kale. CVA inaitanitsa mu 1997 gogodera zake za in-line (zoyatsira onga molunjika kumbuyo kwa paipi) zopangidwa mu 1995 ndi 1996, ndipo Remington mu 2014 inaitanitsa ma Model 700 ndi Model Seven okhala ndi trigger ya X-Mark Pro opangidwa kuyambira 2006 mpaka Epulo 2014, chifukwa ena ankatha kuwomba okha. Mfuti zotere zina zikuyendabe m'manja mwa anthu zisanakonzedwe, choncho funsani kaye.

Mayi Nabanda, Mchinji boma:
Chimodzi chokha achimwene a ku Santhe: kwanuko mawu oti gogodera anthu amawamva ngati zija zosulidwa m'midzi zomwe opha nyama mozemba amalowa nazo ku Kasungu National Park. Mukasankha ya kufakitale, risiti, laisensi ndi nambala yake zigwirizane chilembo ndi chilembo, ndipo mapepalawo aziyenda nanu nthawi zonse mukanyamula mfutiyo.