Magetsi amayenda mu kopa, nanga mu pulasitiki amalekeranji?

Wa Fomu 3: Akuluakulu, ndithandizeni. Amati chinthu chilichonse chili ndi maelekitironi. Nanga bwanji magetsi amayenda mu waya wa kopa, osayenda mu pulasitiki yokuta wayayo? Ndipo thabwa lili mbali iti?

Mphunzitsi wa fizikisi: Funso labwino, mwanawe. Maelekitironi ali ponseponse ndithu, koma kusiyana kwake n'koti ena ndi omasuka, ena ndi omangika. Pakati pa atomu pali mapulotoni, a chaji ya positive, ndi manyutuloni opanda chaji. Maelekitironi, a negative, amakhala chakunja. Atomu ya kopa ili ndi mapulotoni 29 ndi maelekitironi 29, koma elekitironi imodzi ya kunja kwenikweni siigwiridwa zolimba. Maatomu akaundana n'kupanga waya, maelekitironi oterewa amangoyendayenda m'waya monse ngati mbuzi zopanda m'busa. Ukalumikiza batire, onse amakankhidwira mbali imodzi, ndipo kuyenda kumeneko ndiye karenti. Mu pulasitiki, labala ndi galasi, maelekitironi akunja ali pa ntchito yomanga atomu ndi inzake, palibe wotsala woti ayende.

Wamagetsi: Za thabwazo, musalikhulupirire kwambiri. Louma silidutsitsa magetsi, koma likanyowa lasintha. Madzi a pampopi kapena a pachitsime ali ndi michere yosungunuka, ndipo tizidutswa ta micherewo tili ndi chaji, timayenda. Thupi la munthu n'chimodzimodzi. Khungu louma limakana magetsi mpaka ma ohm 100,000 (ohm ndi muyeso wa kukana magetsi), lonyowa limatsika kufika cha m'ma 1,000. Magetsi a m'nyumba ndi 230 V. Gawani 230 V ndi ma ohm 1,000, mupeza karenti yodutsa m'thupi ya ma ampere 0.23, kapena kuti mamiliampere 230 (230 mA). RCD, switchi yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa njira yolakwika kuti iteteze anthu, imazimitsa pa 30 mA pokha. N'chifukwa chake soketi sitiigwira tikungochoka kochapa.

Injiniya: Ndiwonjezereko kuti kopa naye amakanako magetsi pang'ono, ndipo kukanako kumasanduka kutentha. Waya akamaonda, kutentha kumakula. Wa 1.5 mm² ndi wa mababu, wa 2.5 mm² wa masoketi, kuka (chitofu cha magetsi) imafuna 6 mm². Mukayika hotiplate pa waya wa mababu, pulasitiki imafewa, kenako imasungunuka, mawaya awiri a m'kati, live ndi neutral, amakhudzana, moto n'kubuka kudenga. Nthambo zazikulu za pamapolo zambiri ndi za aluminiyamu: imadutsitsa pafupifupi 61% ya zomwe kopa wofanana naye kunenepa amadutsitsa, koma ndi yopepuka ndiponso yotchipa. Kawirikawiri sizikutidwa n'komwe. Zimatetezedwa ndi mpweya komanso timbale ta galasi kapena ta dongo lowotcha tija mumationa pamwamba pa polo.

Wa Fomu 3: Zikomo aphunzitsi ndi nonse. Ndiye kuti mpweya nawo sudutsitsa magetsi? Nanga mphenzi imadutsa bwanji?