Kodi kulowa ndi ana mu lesitilanti ndi mlandu?

MakeAwiri_Salima
Abale tandithandizeni maganizo. Pa Mother's Day, 15 October paja, bambo akunyumba anati tiyeni tikapitidwe mphepo ku Senga Bay, ndiye tinanyamuka ndi ana, wamkulu wa zaka 4 ndi wakhanda ali kumsana. Kunyanja anthu anali mbwee, maminibasi a ku Lilongwe mpaka kusowa poimika. Njala itatipweteka tinalowa pa lesitilanti ina yake cha mmbali mwa nyanja, dzina sinditchula. Weita kungotiona anayamba kutiyang'ana kuyambira kumapazi, maso pa mwana, kenako nkutilozera tebulo la pakona pafupi ndi khomo la kukhitchini pomwe pamatulukira utsi wa tchipisi, chonsecho matebulo a pakhonde oyang'ana kunyanja anali opanda munthu, ati ndi obukidwa. Tinaoda chambo ndi nsima, kudikira, kudikira, anthu otipeza adya mpaka kusamba mmanja ife tidakali kuyang'ana botolo la mchere. Wakhanda wayamba kulira, ndati ndiyamwitse, kamtsikana kena kabwera ati "mayi mungapite kuseri, makasitomala akudandaula" koma ine kuunguza palibe ndi mmodzi yemwe amatiyang'ana. Wamkuluyo atataya Fanta pang'ono patebulo weita uja anatsonya ine ndikumva. Kodi ndalama ya munthu wa ana ndi yosiyana ndi ya ena? Nanga zoterezi munthu angakadandaule kuti?

Wa_ku_Linga
Pepani mayi. Ine uweita ndinagwirapo kuno ku Nkhotakota ndiye ndikuuzeni za mkati. Komwe ndinali ine tambula ikasweka amadula pa salale yako osati ya kasitomala, ndiye ukangoona kamwana kakukoka nsalu ya patebulo mtima umakhala uli mmwamba. Komanso za kubukidwa zija nthawi zambiri ndi bodza, bwana amakuuziratu kuti pakhonde usungire a magalimoto akuluakulu amene amakhala tsiku lonse akuitanitsa mowa, chifukwa banja limaoda mbale ziwiri nkugawana anthu anayi kenako lapita. Sindikuikira kumbuyo ayi, ndikungoti weita naye amakhala wapanikizika. Koma zoyamwitsa zo ndiye ayi, amene uja anangoganiza yekha, kodi iyeyo anakula ndi chani

Kabaza_Kaphatenga
Komatu nanunso makolo mumawonjeza. Ena mumangofika nkugwira foni, ana akuthamangathamanga pakati pa matebulo pomwe munthu wanyamula mbale ya nsomba yotentha, wina wathawira kale kumadzi. Akapsa mudzati walakwa ndi weita.

MakeAwiri_Salima
Achimwene mwawerenga bwinobwino koma? Wina anali kumsana, winayo anakhala phee pampando. Anathamanga ndani?

AnaPhiri_waChipoka
Asiyeni awo asisi, sanaberekepo. Chimandinyansa ine nchoti malo omwewo akalowa azungu kapena mabwana a ku Area 43 ndi ana awo amathamangira kukatenga kampando ka mwana, kumuseweretsa, "hello baby", koma ife eni nyanja amene timadziwa ndi mtengo womwe chambocho anagulira kwa asodzi mmamawa ndi amene amatiika ku utsi. Ndiye mumati Warm Heart of Africa ya alendo okha?

Zodandaula yambani ndi manijala, osalimbana ndi weita, ndipo muzinena pompo anthu akumva chifukwa amaopa manyazi kuposa china chilichonse. Akakuchitani matama kuli a CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalandira madandaulo a ogula, kulinso a CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa ogula. Sungani lisiti. Koma ine ndinasiya kudzivutitsa, ndikakhala ndi ana ndimadyera mmalesitilanti ang'onoang'ono a pa Kamuzu Road, mayi wophika amakulandira mwana kuti udye bwino, msuzi kukuwonjezera osalipira, beseni la madzi kukubweretsera pomwe wakhala. Kunyanja timapita titakhuta, tanyamula zathu mu kula bokosi.

MakeAwiri_Salima
Zikomo anaPhiri. Lisiti sanatipatse nkomwe, anangolemba mtengo pa kapepala kong'amba mu kope. Bambo ake akuti Loweruka akadutsa konko akaonane ndi manijalayo, ine ndawauza kuti apite okha.